Mbiri ya Sukulu za Amisiri, Kuyambira pa Chipala Kufikira Koleji ya pa Mponela

M'mwezi wa Marichi m'chaka cha 2015, pa Ngara m'boma la Karonga, pamalo pamene kale padali Apayoniya, Pulezidenti Peter Mutharika adatsekulira koleji yoyamba mwa makoleji amene boma lidawatcha a ntchito zamanja a m'madera, nalonjeza pamaso pa mafumu ndi khamu la anthu kuti boma lililonse mwa maboma 28 a dziko lino lidzakhala ndi yakeyake, ndi kuti m'tsogolo mwake dera la phungu aliyense lidzalandiranso gawo lake. Mwa makoleji 11 amene adayamba ntchito m'ndime yoyambayo, imodzi idaikidwa pa Mponela m'boma la Dowa, ndipo mbiri yake idakwera mapiri kufika ku Ntchisi, nitsikira kwa ife a pa Malomo, m'dziko la Gogo Chalo Chilooko, kumene anyamata ndi atsikana otsiriza Folomu 4 achuluka kuposa ntchito zimene zingawalandire. Ambiri amene adamva uthengawu pa wailesi adayesa kuti kwagwa chachilendo; koma osunga mbiri adziwa kuti sukulu ya amisiri idabadwa kalekale m'dziko muno, kuti yaleredwa ndi eni osiyanasiyana, ndi kuti pafupifupi mwini aliyense adaiphunzitsa kutumikira kusowa kwake kwa iye mwini asanafunse kusowa kwa mudzi. Za makoleji a lero sizingamveke bwino tikapanda kuyamba tawaona eni akewo mmodzimmodzi.

Mwini woyamba adali mudzi weniweniwo. Asanafike Mzungu ndi choko chake, makolo athu adali kufukula miyala ya chitsulo, kuitentha m'ng'anjo zadothi, ndi kusula pa chipala makasu, nkhwangwa, nsompho, mikondo ndi mipaliro, ndipo mabwinja a ng'anjo zotere alipobe m'nkhalango ya Kasungu kwa iye amene afuna umboni. Mnyamata wokhumba lusoli sadali kulemba kalata yofunsira malo. Adali kukhala pa mvukuto kwa malume ake kapena kwa mkulu wina wa m'mudzi, napemerera moto nyengo yaitali asanaloledwe kugwira nyundo, ndipo thukuta lake lomwelo ndilo lidali malipiro a maphunziro ake. Momwemonso mtsikana adali kuyamba ndi kututa dothi ndi kuliponda, kenaka nkuloledwa kuumba kambiya, kufikira tsiku limene mtsuko wake udatuluka pamoto wosang'aluka. Ena adaphunzira kuluka mphasa, malichero ndi nkhokwe, ena kusema mitondo ndi misi, ena kupota thonje. Sukulu imeneyi idali ndi zilema zake, pakuti luso lidali kubisidwa m'banja ndi kuzingidwa ndi miyambo, ndipo kawirikawiri lidali kulowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Koma idali ndi chinthu chimodzi chimene sukulu zonse zotsatira zakhala zikuchifunafuna osachipeza: wophunzitsa, wolemba ntchito ndi wogula adali anthu a bwalo limodzi, kotero kuti padalibe mwana wotaya zaka zake kuphunzira kusula chinthu chimene mudzi sudachifune. Khasu lothyoka msanga lidali kubwerera kwa wosula dzuwa lomwelo, ndipo mayeso ena sadali kufunika. Ng'anjo zidazima pamene makasu a m'masitolo a Mandala ndi a Amwenye adafika pamtengo umene wosula wa kumudzi sadathe kupikisana nawo.

Eni achiwiri adali amishoni, ndipo tiyenera kunena mwachilungamo kuti iwo adayamba kuphunzitsa umisiri chifukwa adali kufuna matchalitchi, nyumba, mabenchi ndi mabuku, m'dziko limene mudalibe wowagulitsa zimenezi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott adachimanga pakati pa 1888 ndi 1891, chidakwezedwa ndi manja a anthu akuda amene adaphunzirira pakhoma lomwelo kuumba, kuotcha ndi kuyala njerwa, ndipo chikuimabe kufikira lero. Kumpoto, Dr Robert Laws adakwera phiri la Khondowe m'chaka cha 1894 nakhazikitsa Overtoun Institution, kumene pambali pa aphunzitsi ndi alaliki kudatuluka akalipentala, omanga, osindikiza mabuku ndi odziwa kutumiza mauthenga pa lamya. Ndipo ku Blantyre Henry Henderson Institute idatsekulidwa mu 1909 ndi cholinga chofanana. Ngakhale John Chilembwe, pobwerera kuchokera ku Amereka nakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe mu 1900, adaika ntchito zamanja pakati penipeni pa chiphunzitso chake, ndipo mayi wa kunyumba kwake, Ida, adali kuphunzitsa amayi kusoka. Nchifukwa chake koleji ya m'dera ya ku Chiradzulu ya masiku ano imadziwika ndi dzina la mayiyu. Koma Nyasalande adali wosauka, wopanda migodi ndi mafakitale, ndipo amisiri ambiri a ku Khondowe adakapeza malipiro oyenera luso lawo ku Rhodesia, ku Tanganyika, ku Congo ndi ku Johannesburg.

Kuno ku mapiri athu nkhani idayenda mwa njira ina. Pa 28 Novembala 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, adamanga hema wawo pa Mvera, m'dziko la mfumu ya Angoni Chiwere. Mu 1894 Robert Blake adatsekula Kongwe, mu 1896 kudayamba Nkhoma, ndipo pambuyo pake Chinthembwe idaimika belu lake m'boma lathu la Ntchisi. Adatchi, monga anthu adawatchulira, adali ana a alimi, ndipo adali kuopa chinthu chimodzi koposa zonse: kuti Mkhristu wophunzira Chingerezi adzasiya mudzi, nadzatayika m'matauni. Chifukwa chake adaphunzitsa m'Chinyanja, nafalitsa sukulu zazing'ono m'midzi yambirimbiri, nalimbikira ulimi ndi ntchito zimene munthu angazigwire pakhonde pake, monga kupala matabwa, kuumba njerwa, kufufuta zikopa ndi kusoka nsapato, kuomba nsalu, kuluka madengu ndi kupanga sopo. Atsikana adali kusungidwa m'nyumba zawozawo pamishoni, naphunzira kusoka ndi kusamala pakhomo. Sitingakane kuti midzi ya Dowa ndi Ntchisi idapindula nazo: chitseko chamatabwa, zenera, mpando ndi nyumba yangodya zinayi zidalowa m'midzi yambiri kudzera m'manja mwa anthu amene adapitako ku Mvera, ku Kongwe ndi ku Nkhoma. Pamene nthumwi za Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones ndipo pakati pawo pali Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, zidayendera dziko lino mu 1924, zidayamika kwambiri njira ya Adatchi, pakuti idafanana ndi ya Hampton ndi Tuskegee, sukulu za anthu akuda za ku Amereka zimene nthumwizo zidali kuzitama. Posakhalitsa boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mu 1926, nilitsekula sukulu ya Jeanes ku Domasi, yophunzitsa aphunzitsi oyendera midzi pamodzi ndi akazi awo.

Pamenepa ndi pamene padalowa nthenda imene sidachoke kufikira lero. Makolo athu sadali opusa. Adaona ndi maso awo kuti kalaliki wa pa Boma, wodziwa Chingerezi, wovala kolala ndi nsapato, adali kulandira ndalama zoposa za kalipentala, ndi kuti msonkho wa nyumba sudali kulipidwa ndi madengu kapena sopo. Adaonanso kuti Mzungu amene adali kutama khasu ndi randa kwa mwana wa munthu wakuda adali kutumiza wake wa iye mwini ku sukulu ya mabuku. Tsono adayamba kuganiza kuti maphunziro a manja ndi chingwe chomangira munthu wakuda pansi, ndipo m'kuganiza kumeneko mudali choonadi chokwanira kuti kuzike mizu. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, adatero akale, koma pano zidatembenuka: nkhuyu zimene adadya akulu a nthawi ya atsamunda ndizo zikupota ana a lero, pakuti kufikira tsopano kholo la pa Malomo, likamva kuti mwana wake wapita kukaphunzira kumanga nyumba, limayankha anzake motsitsa mawu kuti mwanayo sadakhoze bwino, chinkana womanga nyumbayo adzayamba kugwira ndalama mnzake wa ku yunivesite akadayendabe ndi envulopu m'maofesi a ku Lilongwe. Ndipo pakati pa zaka zonsezo sukulu yaikulu ya amisiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi idali ulendo wa ku Halale ndi ku Joni, kumene amuna adapita wapansi kapena ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, ena nabwerako ndi makina osokera, njinga ndi bokosi la zipangizo, ena nasanduka matchona.

Mwini wachitatu adali boma la dziko lodzilamulira. Ufulu utabwera mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda adafuna misewu, maofesi ndi mafakitale, ndipo mu 1965 Polytechnic idayamba ku Blantyre ndi thandizo la Amereka. Pang'onopang'ono padakhazikika makoleji asanu ndi awiri amene kufikira lero amatchedwa a dziko lonse: Lilongwe, Soche, Nasawa ndi Salima, amene ali m'manja mwa boma, ndiponso Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, amene eni ake ndi mipingo koma boma limawathandiza. Dongosolo la nthawiyo lidali lakuti mnyamata agawe zaka zake pakati pa koleji ndi kampani imene yamtenga, ndipo Unduna wa za Ntchito udali kuyesa amisiri mayeso a Trade Test, kuyambira giredi 3, kukwera ku giredi 2, kufikira giredi 1, imene mwini wake adali kulemekezedwa pa ntchito iliyonse. Njirayi idali yabwino kwa amene adailowa, koma khomo lake lidali lopapatiza, ndipo lidayang'ana ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kwa mnyamata wa kumudzi khomo lina lidali la Apayoniya, gulu la Malawi Young Pioneers limene lidayamba mu 1963, limene m'malo ake ophunzitsira mudali ulimi, kumanga, kupala matabwa ndi kukonza magalimoto. Pali akuluakulu m'midzi muno amene luso lawo adalitenga kumeneko, ndipo salinyoza; koma gulu lomwelo ndilo lidali kuima pazipata za misika kufunsa makadi a chipani, kotero kuti pamene asilikali adalithyola mu Disembala 1993, pa nkhondo ija ya Operation Bwezani, sukulu zake zidagwa pamodzi ndi mfuti zake, nyumba zambiri nizisanduka mabwinja. Tionjezepo kuti ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, nipha Amalawi oposa 70, Kamuzu adaletsa ulendo wa ku migodi. Ndipo popeza zaka zomwezo likulu lidali kumangidwa ku Lilongwe, kumene boma lidasamukira mu 1975, amuna ambiri a ku Dowa adaphunzira kuyala njerwa ali aganyu oponda matope pa nyumba za likululo, popanda mphunzitsi kapena setifiketi.

Zaka zoyamba za ulamuliro wa zipani zambiri zidakumanitsa mavuto awiri pamphambano imodzi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana a sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma nyengo yomweyo makampani a boma adali kugulitsidwa, mafakitale ena adali kutsekedwa, ndipo amene adatsala sadafunenso kudzisenzetsa mtolo wolera ophunzira. Walira mvula walira matope: dziko lidalira maphunziro, ndipo lidalandira khamu la achinyamata odziwa kuwerenga amene padalibe wowalemba ntchito. Pamenepo boma lidalemba mfundo zatsopano mu 1998, ndipo mu 1999 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe la TEVETA, kuti likhale kapitao wa maphunziro onse a ntchito zamanja m'dziko muno: kulembetsa sukulu zophunzitsa, kukonza zoyenera kuphunzitsidwa mogwirizana ndi eni makampani, kusankha ophunzira ndi kuwathandiza pa zolipira. Lamulolo lidaika msonkho pa olemba anthu ntchito, umene lero uli K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo, poti iwo ndiwo amadya zipatso za mmisiri wophunzira bwino. Dongosolo latsopanoli lidafunanso kuti wophunzira aliyense, pambali pa luso lake, aphunzire kuyendetsa bizinesi, ndipo pamenepa boma lidavomera poyera chimene amayi ogulitsa pamsika adachidziwa kale, kuti ana ambiri a dziko lino sadzalembedwa ntchito ndi munthu wina aliyense. Kwa zaka zambiri padali chisokonezo cha masetifiketi atatu, ya Trade Test, ya Malawi Craft ya bungwe la MANEB, ndi ya TEVETA, kotero kuti wophunzira mmodzi adali kulemba mayeso kawiri kapena katatu pa luso limodzi, kufikira boma lidawaphatikiza kukhala njira imodzi.

Komabe makoleji asanu ndi awiri aja sadakule molingana ndi mtundu wa anthu, umene kalembera wa 2018 adaupeza utafika 17.5 miliyoni, oposa theka mwa iwo ali ana osafika zaka 18. Apa ndi pamene padachokera makoleji a m'madera a 2015. Maganizo ake sadali achilendo mu Afirika, pakuti ku Botswana Patrick van Rensburg adayambitsa magulu a Brigades ku Serowe mu 1965, kumene ophunzira adali kulipira maphunziro awo ndi nyumba zimene adali kumangira anthu, ndipo ku Kenya mipingo idayamba sukulu zaumisiri za m'midzi chakumapeto kwa zaka zomwezo. Kwathu kuno boma, posafuna kudikira nyumba zatsopano, lidakonza zakale zimene zidali kungokhala, ndipo mayina amene kale sadali kumveka adayamba kutchulidwa pa wailesi: Ngara, Chongoni ku Dedza, Kapondo ku Mchinji, Mbandira ku Nkhotakota, Khwisa ku Balaka, Naminjiwa ku Phalombe, Milonga ku Thyolo, ndi Mponela yathuyi. M'menemo mumaphunzitsidwa kumanga nyumba, ukalipentala, utelala, kuwotcherera zitsulo, ndipo m'makoleji ena kukonza njinga zamoto, kuika mipope ya madzi ndi kulumikiza magetsi. Abwenzi akunja adabwera ndi thandizo lawo, a European Union, a ku China, ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, imene mu 2021 idavomereza madola 100 miliyoni a ntchito yotchedwa SAVE yotukula maphunziro a luso. Lonjezo la koleji m'dera la phungu aliyense likadali patali, ndipo ine sindilira nalo kwenikweni, pakuti nyumba yolembedwa dzina la koleji pachipata, m'kati mulibe sowo kapena thumba la simenti, imaononga mbiri ya umisiri koposa kusakhalapo kwake.

Tsono tifike pa munthu amene mbiri yonseyi yamgwera pamapewa, ndiye mkulu wa koleji ya m'dera. Iye ali ndi ambuye ambiri: unduna umene umamlemba ntchito ndi kumtumizira aphunzitsi, TEVETA imene imayang'anira zophunzitsa, khonsolo ya boma, komiti ya makolo ndi mafumu eni nthaka, ndiponso wopereka thandizo wakunja amene amafuna malipoti pa nthawi yake. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga asanu? Ndipo ntchito yake ndi yolemera kuposa ya mkulu wa sekondale, pakuti mphunzitsi wa mbiri kapena wa masamu, akakhala ndi choko ndi buku, akhoza kuphunzitsa ana 80 pansi pa mtengo, koma wophunzitsa kuwotcherera amadya ndodo zowotcherera, zitsulo ndi magetsi tsiku lililonse, wophunzitsa utelala amadya nsalu ndi ulusi, ndipo thabwa limene wophunzira walidula molakwika silibwerera m'malo mwake. Ndalama ikachedwa, chiyeso chimene chimamdzera mkuluyu nchakuti asandutse umisiri kukhala nkhani ya pabolodi, ana ajambule randa m'kope nalemba mayina a ziwalo zake, osaigwira. Koleji imene yagonjera chiyeso chimenechi imatulutsa munthu wa setifiketi amene kapitao wa pa ntchito amamuona tsiku limodzi lokha namuuza kuti akaponde matope. Ndipo mbiri yotere imathamanga m'midzi kuposa chilengezo chilichonse cha pa wailesi. Aphunzitsi nawonso ndi nkhani ina, chifukwa mmisiri wodziwadi ntchito amapeza zambiri pa kontirakiti imodzi kuposa malipiro a boma a mwezi, ndipo wodziwa ntchito si nthawi zonse amadziwa kuiphunzitsa.

Vuto loposa onse ndi la malo ogwirirako ntchito pophunzira. Dongosolo limafuna kuti wophunzira, atakhala m'kalasi, apite kwa olemba ntchito akayese manja ake pa ntchito yeniyeni. Koma dongosololi lidabadwira m'maiko a mafakitale, monga Germany, ndipo ku Dowa ndi ku Ntchisi mafakitale ake ndi ati? Olemba ntchito athu ndi kalipentala wa pansi pa mtengo wa mango pa Mponela, wowotcherera mafelemu a zitseko ndi ngolo pa Malomo, telala wa pakhonde la sitolo pa boma la Ntchisi, ndi makanika wa njinga zamoto za kabaza amene adaphunzira ntchitoyo pomasula injini ya mbale wake. Anthu amenewa salipira msonkho wa TEVETA, ambiri alibe pepala lililonse, ndipo ena amamuona mwana wa ku koleji ngati wodzawalanda makasitomala. Komabe ndiwo akuphunzitsa achinyamata ochuluka kuposa makoleji onse pamodzi, mwa njira yomwe ija ya pa mvukuto, mnyamata kuyamba ndi kusesa ndi kugwirira thabwa. M'kuona kwanga, mkulu wa koleji amene amakhala mu ofesi kudikira kalata yochokera ku kampani ya ku Kanengo wasokera njira. Woyenera udindowu ndi iye amene amawadziwa amisiri a m'dera lake ndi mayina awo, amawachezera ndi ulemu woyenera akulu, amawaitana kuti adzaone zimene ana akuphunzira nanenepo zolakwika, ndipo amawatsekulira khomo kuti nawonso adzaphunzire kuwerenga pulani ya nyumba kapena kuwerengera mtengo wa ntchito. TEVETA yomwe idazindikira zimenezi, niyamba kuphunzitsa achinyamata kudzera mwa amisiri a m'misika, ndiponso kuyesa ndi kupereka masetifiketi kwa amene adaphunzira ntchito kunja kwa sukulu. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifika pansi pa mtengo wa mango popanda munthu wolinyamula ndi miyendo yake.

Mkulu yemweyo ayeneranso kukhala ndi khutu ku msika, pakuti zosowa za dera zimasintha msanga kuposa mabuku a zophunzitsa. Mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda zikuluzikulu, pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo ife amene timaona m'mene mapiri ozungulira nkhalango ya Ntchisi ayerera sitifunsa chifukwa chake. Tsono womanga amene sadagwirepo buloko ya simenti watsekeredwa kunja kwa ntchito za sukulu ndi zipatala. Magetsi a dzuwa alowa m'midzi imene mawaya a ESCOM sadafikemo, ndipo akaonongeka mwini wake amasowa wokonza. Pa Malomo, pamene boma lidamanga msika ndi nyumba zina pansi pa ndondomeko yotukula malo a malonda a kumidzi, pali zigayo, makina osendera mtedza ndi mapampu othirira mbewu za kudimba, ndipo chilichonse mwa izi chimafuna munthu wodziwa kuchitsegula ndi kuchitsekanso. Koleji ikaumirira kutulutsa atelala makumi angapo chaka ndi chaka m'dera limene kaunjika wadzaza msika, imangosamutsa ulova kuuchotsa kwa osaphunzira kuupereka kwa ophunzira.

Za atsikana ndinene mwachidule, ngakhale nkhaniyo si yaing'ono. Cholowa cha nyumba za atsikana za pamishoni chikadalipo, pakuti ambiri amalozeredwa ku makina osokera ngati kuti nyundo ili ndi mwambo woletsa mkazi. Ndipo amene alimba mtima nalowa kalasi ya zomanga kapena ya magetsi amakumana ndi vuto la malo ogona, popeza makoleji a m'madera adakonzedwa kuti ophunzira azichokera kwawo, pamene mtsikana wa ku Malomo sangayende tsiku ndi tsiku kupita ku Mponela. Amachita lendi kachipinda pa malo a malonda, kutali ndi amayi ake ndi azakhali ake, ndipo makolo ambiri, poopa zimene zimachitika m'malo otere, amangomuletsa.

Chotsiriza chimene mkulu wa koleji ya kuno sayenera kuiwala ndi kalendala ya mlimi. Ndalama imalowa m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi kuyambira mwezi wa Epulo, pamene msika wa fodya watsekulidwa ndipo soya ndi mtedza zayamba kugulitsidwa; m'miyezi imeneyo ndi m'mene anthu amagula malata, kuitana womanga, kuitanitsa bedi ndi kabati kwa kalipentala, ndi kusoketsa zovala za ukwati. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zili pansi, ndalama yonse idapita ku feteleza, ndipo mnyamata amafunika kumunda kukapalira ndi kubandira. Woitanitsa fizi m'miyezi ya njalayo adzawerenga mipando yopanda anthu, ndipo wotumiza ophunzira kwa amisiri m'nyengo ya mvula adzawapeza akusewera bawo pakhonde chifukwa ntchito kulibe. Momwemonso tsiku lotsiriza maphunziro liyenera kuganiziridwa pamodzi ndi bokosi la zipangizo, pakuti kalipentala wotuluka pachipata mwezi wa Meyi ali ndi sowo, randa ndi nyundo yakeyake amapeza ntchito ya zitseko sabata yomweyo, pamene mnzake wotuluka chimanjamanja mu Disembala amakwera basi ya ku Lilongwe kapena ya ku Joni, kukafuna ulonda.